Tulo ta Ana a Anti Mervis

Ine ndikanena kuti ndayenda, sindikunena zopita ku Lunzu kukagula tomato. Ndayendetsa thiraki zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Beira ndimamudziwa ngati kuseri kwa nyumba yanga. Ku Dar es Salaam kuli mayi wina wogulitsa tiyi amene mpaka lero amafunsa madalaivala anzanga kuti Everson wa ku Malawi uja ali kuti. Lubumbashi ndalowa, Durban ndagonamo kosawerengeka. Zonsezi ndinazipeza ndekha, ine amene ndinayamba ndi kusenza katundu wa anthu pamsika wa Limbe, phazi lili pansi. Mayi atamwalira ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Amene anandilera ndi achemwali anga, a Mervis. Iwo anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo anasiya sukulu kuti ine ndizidya.

Nzeru yotsegula sukulu ya mkaka ndinaitola ku Durban. Ulendo wina katundu anachedwa kutuluka padoko, ndiye ndinatha masiku anayi ndikungozungulira pamalo oimikapo mathiraki. Kuseri kwa mpanda kunali kasukulu ka ana. M'mawa wonse phokoso lokhalokha, koma ikangokwana thwelofu, zii. Tsiku lachiwiri ndinasuzumira. Ana ali ndondondo pa timatilesi, aliyense ndi kabulangete kake, ngati buledi pashelefu. Ndinati mumtima, izi ndikazichita ku Bangwe.

Ndipo ndinazichitadi. Nditatsika m'thiraki ndinagula malo kumtunda kwa msika, n'kumanga makalasi atatu, khitchini, ndi tizimbudzi toti ngakhale wa zaka ziwiri akhalepo osaopa kugweramo. Makoma ndinapenta ndekha: ndege, sitima zapamadzi, ndi mapu a Afrika okhala ndi mzere wofiira wosonyeza monse ndinadutsa. Pageti pali dzina langa, zilembo zake zowerengeka munthu ali m'minibasi. Chaka choyamba ndinali ndi ana makumi awiri. Chachitatu anapitirira zana.

Lamulo langa lalikulu linali la tulo. Ana akamwa phala hafu leveni, agone mpaka hafu wani. Ine ndizilowa ndi foni, ndijambule, nditumize ku gulu la makolo la pa Watsapu. Mayi ali pabenchi pake ku Limbe, bambo ali m'galaja ku Ndirande, aone mwana wawo ali mtulo pamalo oyera. Ndani wina mu Bangwe anaganizapo zimenezo?

Koma mwana wa ku Bangwe si mwana wa ku Durban. Ukagoneka uyu, uyo wadzuka. Wina akufuna kukodza, wina walumidwa khutu ndi mnzake, wina akuyimba nyimbo ya pamaliro imene anamva dzulo. Miyezi itatu sindinapeze chithunzi chabwino ngakhale chimodzi. Ndinakalipira ma anti onse atatu. Kenaka ndinakhoma bolodi pakhonde, n'kulemba kuti Anti wa Mwezi. Amene kalasi yake yagona bwino, chithunzi chake chikhala pamenepo mwezi wonse, makolo onse azichiona pobwera ndi pobwerera.

Achemwali anga ndinawapatsa kalasi ya ang'onoang'ono, a zaka ziwiri ndi zitatu. Anali ana 34, iwo okha. Mwezi woyamba anaonda. Mwezi wachiwiri kalasi yawo inayamba kugona. Inagona ndithu, yonse, mwakamodzi. Chithunzi chawo chinakwera pabolodi ndipo chinakhala pamenepo miyezi isanu ndi iwiri osatsika. Makolo ankatumiza timitima tofiira pagulu paja. Mayi wina analemba kuti, "Anti Mervis atiuze chinsinsi, kunyumba Loweruka mwanayu sagona ngakhale mphindi." Ine ndinayankha kuti chinsinsi chili m'magazi a banja lathu.

Zuleikha anabwera mu Ogasiti. A ku ofesi yoona za chisamaliro cha ana anali atandiuza kuti sukulu yaikulu chonchi iyenera kukhala ndi munthu amene anaphunzira ntchitoyi, ndiye ndinafuna wabwino kwambiri, monga ndimachitira ndi chilichonse. Mtsikana wa ku Chitawira, wamtali, wa mpango wakuda kumutu, satifiketi yake ya za mmera mpoyamba ili m'pulasitiki. Sabata yoyamba anandigulitsa makope awiri: lina lolembamo amene wabwera kudzatenga mwana, lina lolembamo chilichonse chachilendo chimene anti waona pa mwana, kaya ndi bala, kaya ndi kusadya. Ndinaseka, koma ndinagula. Ndinkatchula makopewo kuti mapasipoti a Madamu.

Lachiwiri lina mu Okutobala, dzuwa likuswa malata, anagogoda pa ofesi yanga.

"A Dairekita, muli ndi mphindi ziwiri?"

"Kwa inu ndili ndi zitatu, Madamu."

Ananditengera pawindo la kalasi ya achemwali. Inali cha m'ma thwelofu. Achemwali anali atapita kukachapa makapu.

"Taonani," anatero.

"Ndikuona. Durban yeniyeni."

"Mwana uyo wa malaya obiriwira. Ntchentche yamutera pamlomo kuyambira pamene ndinaima pano koyamba. Sanagwedeze ngakhale mutu."

"Watopa. Kunjaku kukutentha."

"Onse 34 atopa mofanana, nthawi imodzi, tsiku lililonse?"

"Madamu, inu pa dziko lino mwafika mpaka pati?"

"Ku Zomba, kwa agogo anga."

"Ndiye za tulo mundisiyire ine. Ndaonapo ana akugona m'mayiko asanu ndi awiri."

Sanaseke. "Ku Durban sindinafike, koma ndagonekapo ana. Mwana akagona amatembenuka, amaponda mnzake, wina amadzidzimuka n'kulira kufuna mayi ake. Awa akugona ngati matumba a chimanga. Ndipo akadzuka amayenda chodzandira. Sabata ija Anti Mervis anapita kumaliro ku Thyolo, anagona ndani?"

"Palibe. N'chifukwa chake chithunzi chawo chili pabolodi."

"Phala limaphikidwa mumphika umodzi," anapitiriza. "Ma anti enafe timathira shuga wa m'khitchini. Iwo amapita ndi ndowa yawo kusitolo yathu yosungiramo zakudya n'kuthira wa m'chitini chawo. Ndipo ndawayang'ana masabata atatu, sanalawepo phala limenelo. Ife tonse timalawa."

"Mukunena za achemwali anga."

"Ndikunena za ana. Sindikudziwa chimene chili m'chitinimo, mwina ndi shuga basi. Koma zimene ndaona ndazilemba m'kope, ndi tsiku lake, ndipo ndilembanso kuti lero ndakuuzani. Muwafunse, kapena mundilole ndithire shuga ine. Zikapanda kusintha, Lachisanu ndipita ku ofesi ija ndekha. Ndakuuzirani kuti musadzadabwe."

Madzulo a tsikulo ndinawauza achemwali mwanthabwala, tikutseka geti. Ndinati Madamu akufuna aziwathandiza kuthira shuga. Achemwali anaima ndi loko m'manja.

"Kamtsikana ka dzulodzuloka kandiphunzitse ine kuthira shuga? Iwe ndinakulera ndi phala la ndani?"

"Lanu, achemwali."

"Unafa?"

"Ayi."

"Ndiye tseka geti tizipita."

Ndinatseka. Ine amene ndinakanganapo ndi apolisi a m'malire asanu n'kuwina, funso limodzi kwa achemwali anga linandikanika. Lachitatu lonse sindinakhale pampando. Ndinkalowa mu ofesi, kutuluka, kukaima pawindo lija, kubwerera, kutsegula kope la Madamu, kulitseka ndisanawerenge. Kawiri ndinafika pakhomo la sitolo. Chitini chinali pashelefu yam'mwamba, chofiira, cha tiyi chakale. Ndikanangotambasula dzanja. Ndinadziuza kuti ndifunsa mawa, pamene mitima yazizira.

Mawa lakelo linali Lachinayi. Thwelofu itakwana ndinajambula monga mwa masiku onse n'kutumiza. Kutsogolo kwa chithunzicho kunali Tariq.

Tariq anali ndi zaka zitatu, mwana wa Che Jabir, telala wa pakhonde la sitolo ina pafupi ndi siteji, ndi mayi Madina, ogulitsa kaunjika ku Limbe. Mwana wamimba yabwino, wosasiya kanthu m'kapu. Ankandiitana kuti Dalaivala, ndipo m'mawa uliwonse ankafuna ndimukweze kuti aloze pamapu paja pamene pali nyanja yaikulu.

Hafu wani ana anayamba kudzuka mmodzimmodzi, maso olemera. Ndinali mu ofesi pamene ndinamva Zuleikha akuitana dzina limodzi mobwerezabwereza, mawu ake osakwera koma osaleka. Ndinathamanga. Anali atagwada pamphasa, Tariq ali m'manja mwake, mutu uli lende. Thupi lotentha koma louma, nkhope yofiirira, timiyendo tikunjenjemera pang'onopang'ono.

"Sakudzuka," anatero. "Lizani galimoto."

Makiyi anali m'khitchini. Ndikutuluka nawo, achemwali anandigwira mkono n'kundikokera m'sitolo. Anatsitsa chitini chija n'kundipanikizira pamimba.

"Katayire kutali," ananong'ona. "Kumtsinje, kulikonse."

Ndinatsegula. Pamwamba shuga. M'mbali munali timapepala ta mapilitsi topindidwa, tina topanda kanthu, tina todzaza, ndi kasupuni.

"Ndi ta chimfine basi," anatero. "Timene timagonetsa tija. Ndimapera pang'ono, pang'ono kwambiri. Miyezi yonseyi palibe anadwala. Koma lero Rejoice wakana phala lake, ndi mnzake wina, ndiye uyu wamaliza makapu atatu. Sindinamuone, ndinali ndikusintha wina kabudula."

"Achemwali."

"Usanene, Everson. Akachira tikambirana pakhomo, ine ndi iwe. Za m'banja zimathera m'banja. Usanene."

Panja Zuleikha anali akumenya chitseko cha pikapu ndi chigongono. Ndinaponya chitinicho m'thumba la jekete langa lakale la pathiraki, limene limakhala kuseri kwa mpando, ndipo ndinaliza galimoto.

Msewu umenewo ndauyenda kambirimbiri, koma tsikulo unatalika. Minibasi yaima pakati kudikira munthu amene akumalizitsa kugula nthochi. Akabaza akudutsa uku ndi uku. Wina akukankha wilibala ya makala. Dzanja langa silinachoke pahuta. Ndadutsa mapiri a ku Tete ndi mabuleki otentha, matani makumi atatu ali kumbuyo, manja osanjenjemera. Apa sitiyaringi inkaterereka ndi thukuta. Pambali panga Zuleikha anali atagoneka mwana chammbali pamiyendo pake, chala chili pakhosi pake, uku akuimbira foni mayi Madina.

"Anti Mervis anakuuzani chiyani m'sitolo muja?" anafunsa atadula foni, osandiyang'ana.

"Amandipatsa makiyi."

Tinadutsa pakamlatho. Madzi akuda, mapepala, zinyalala. Windo langa linali lotsegula. Chitini chija sindinachiponye, koma musaganize kuti unali ubwino. Ndinalibe dzanja lopuma.

Pachipatala cha m'dera lathu anatilowetsa osaima pamzere. Dokotala wake anali bambo wachinyamata wa magalasi, wolankhula mofulumira. Anamugoneka Tariq pabedi, kumuunika m'maso, kumumvera pachifuwa, kumubaya chala. Malungo ayi. Shuga wa m'magazi ali bwino. Nesi anamuika diripi.

"Wagwa? Wamenyetsa mutu?"

"Ayi," anatero Zuleikha.

"Wadya chiyani?"

"Phala la kusukulu."

"Ena amene adya phalalo ali bwanji?"

"Adzuka," ndinayankha ine msanga. Zinali zoona. Zuleikha ananditembenukira.

"Adokotala," anatero, "ine ndikukayikira kuti m'phalamo mumalowa chinthu. Ndilibe umboni, ndipo sindikudziwa kuti n'chiyani."

"Chinthu chake chiti? Ine ndikufuna dzina. Mwanayu akuoneka ngati wamwa mankhwala, koma mankhwala alipo ambiri, ndipo chothandiza pa ena chimapweteka pa ena. Bambo, sukuluyi ndi yanu?"

"Ndi yanga. Phala lathu ndi laukhondo, aliyense mu Bangwe akudziwa."

Ndinatuluka. Ndinati ndikukaimika bwino galimoto. Ndinaizungulira kawiri, ndinatsegula chitseko, ndinavala jekete lija ngakhale kunali kotentha koopsa. Chitini chinkandigunda m'nthiti. Foni inalira: achemwali. Sindinayankhe. Inaliranso. Pagulu la makolo timitima tinali tikugwabe pansi pa chithunzi cha tsikulo. Ndinayenda mpaka pageti la chipatala, ndinabwerera, ndinapitanso. Ndinaganiza za dzina langa pageti lina lija. Ndinaganiza za achemwali ali ndi zaka khumi ndi zisanu, akundisenza kumsana kuchokera ku Limbe usana wina nditaponda botolo. Ndinadziuza kuti mwanayu adzuka yekha, monga amadzukira masiku onse, kungoti lero achedwerapo.

Njinga yamoto inaima pafupi nane. Mayi Madina anatsika isanaimitsitse, kachikwama ka pamsika kadakali m'chiuno. Patangopita nthawi pang'ono Che Jabir anafika wapansi, akupuma mwamphamvu, tepi yoyezera ili m'khosi. Ndinawatsatira m'kati.

Mayi Madina anagwira phazi la mwana wawo n'kumaliitana ngati phazilo ndi limene limve. Dokotala anawafunsa mofatsa ngati kunyumba kuli mankhwala alionse amene mwana angafikire.

"Palibe," anatero. Kenaka anaima. "Kupatula a apongozi."

"A chiyani?"

"A bipi," anayankha Che Jabir. "Amayi anga akukhala nafe. Iwe Madina, m'mawa muja utawapatsa unawaika pati?"

"M'kabati."

"M'kabati? Ine potuluka ndinaona botolo pawindo."

"Ndiye mwina pawindo. Ndinali ndikuthamangira minibasi. Sindikukumbuka, bambo a Tariq."

"Sukukumbuka. Kangati ndakuuza za windo limene lija? Mwana amakwera pampando n'kufika."

Mayi Madina anakhala pansi, pasimenti penipeni, manja ali kumutu. "Ndapha mwana wanga," anatero chapansipansi. "Ndi manja angawa."

Dokotala anali atayamba kale kulemba. "Dzina la mankhwalawo mukulidziwa? Nesi, konzani zoti timutumize kuchipatala chachikulu, ndipo muwaimbire kuti tikuganizira mankhwala a bipi, akonzekeretu zimenezo."

Nesi anatenga foni. Ine ndinayang'ana cholembera cha dokotala chikuyenda papepala. Chinkalemba bodza limene ine sindinanene, koma linali langa. Mwana akanalandira thandizo la matenda amene alibe, ndipo mayi uja akanasenza mlanduwo moyo wake wonse, m'nyumba mwake momwe.

"Dikirani," ndinatero.

Ndinatulutsa chitini n'kuchiika patebulo, pamwamba pa pepala lija. Ndinachitsegula ndekha, chifukwa ndinaona kuti ndikachisiya chotseka ndikhoza kuchitenganso.

"Si a bipi. Ndi awa. Amaperedwa n'kuthiridwa m'phala la kalasi yake kuti ana agone. Lero wamwa makapu atatu. Mayi, dzukani pansipo, si inu. Zachitikira pasukulu panga."

Dokotala anatenga kapepala kamodzi, kuwerenga kumbuyo kwake, kung'amba pepala loyamba lija. Sanandiyang'ane n'komwe. Anafunsa nthawi imene phala linamwedwa, Zuleikha anayankha. Anauza nesi dzina lina loti anene pafoni. Zonse zinayamba kuyenda mwachangu, ndipo ine ndinangotsala nditaima pakati pa chipinda ndi jekete la pathiraki mu Okutobala.

Che Jabir anavula tepi m'khosi. Anaikulunga pang'onopang'ono kuzungulira zala zawo mpaka inatha, n'kuiika m'thumba.

"Mwadziwa liti, a Everson?"

"Motsimikiza, lero, tisananyamuke. Kuchenjezedwa, Lachiwiri."

"Ndipo munaima pamenepo ine ndikukalipira mkazi wanga."

"Ndinaima."

"Chithunzi cha lero ndinaonetsa kasitomala," anatero. "Ndinati, taonani mmene mwana wanga akusamalidwira." Anawerama n'kudzutsa mkazi wawo, ndipo sanandilankhulenso.

Ambulansi itanyamuka ndi Tariq ndi makolo ake, ndinakhala pabenchi yapanja. Zuleikha anaima patsogolo panga.

"Atsala 33," anatero.

"Ali bwino. Adzuka."

"Sitikudziwa. Ena atengedwa kale, ali kunyumba ndi achemwali awo aang'ono kapena ndi aneba. Wina akhoza kupatsidwanso mankhwala a chifuwa madzulo ano, mayi ake osadziwa kuti m'thupi muli kale ena. Makolo onse adziwe tsopano, osati mawa."

"Ndiwaitanitsa msonkhano Loweruka, ndifotokoze bwino."

"Muli ndi gulu lija, a Dairekita. Tsiku lililonse limagwira ntchito thwelofu ikakwana."

Ndinatulutsa foni. Ine ndi munthu wa pakamwa. Ndalankhulapo pa ukwati wa anthu mazana asanu popanda pepala. Koma uthenga wa mawu umenewo ndinaujambula katatu. Woyamba ndinayamba ndi mbiri ya sukulu, Zuleikha anapukusa mutu. Wachiwiri ndinati pachitika kavuto kakang'ono, anapukusanso. Wachitatu ndinati: "Makolo, ndine Everson. Ana a kalasi ya ang'ono akhala akuthiridwa mankhwala ogonetsa m'phala kwa miyezi ingapo. Lero mwana mmodzi ali m'chipatala. Yang'anani mwana wanu pompano. Musamupatse mankhwala ena alionse. Ngati akugona mosadzuka, akutentha kapena akudzandira, thamangani naye kuchipatala ndipo munene zimene ndanenazi. Dzina la mankhwalawo ndalemba pansipa. Tulo timene ndinkakutumizirani sitinali tulo tabwino, ndipo amene ndinkatifuna ndine."

Ndinatumiza. Uthengawo unakhala pansi penipeni pa chithunzi cha Tariq. Zuleikha anaimbira ofesi ija ali pomwepo, ine ndikumva, kenaka tinagawana manambala a makolo amene alibe Watsapu n'kuyamba kuimba mmodzimmodzi. Ena anatukwana. Ena anangodula. Ana awiri anapita nawo kuchipatala madzulo omwewo, ndipo anawabweza atawaona.

Nditabwerera kusukulu dzuwa linali litapendeka. Ana onse anali atatengedwa. Achemwali ndinawapeza m'kalasi mwawo, atakhala pa kampando ka ana, mawondo ali m'mwamba. Mphasa anali atazipinda bwinobwino.

"Wanena," anatero.

"Ndanena."

"Pa moyo wako wonse ndinakupemphapo chiyani china?"

"Palibe."

"Ana 34, Everson. Manja awiri awa. Wina wadziipitsira, wina akusanza, wina wathawira kugeti. Ndiye iwe thwelofu ikakwana ukubwera ndi foni yako, nsapato zikulira, kuti achemwali bwanji sanagone, ku Durban amagona. Ndinkafuna ukondwe. Ndinkafunanso ndikhaleko pansi ola limodzi."

"Mawa kubwera a ku ofesi ndi apolisi. Ndikanena zanga zonse. Za bolodi, za kuchuluka kwa ana, zoti ndinauzidwa Lachiwiri."

"Zakozo sizikakugoneka m'selo."

Anadzuka movutikira pa kampando kaja, anatenga chikwama chawo, ndipo podutsa pakhonde anachotsa okha chithunzi chawo pabolodi.

Tariq anatsegula maso m'mawa wa Lachisanu. Anandiuza ndi Zuleikha, amene anali atapita kukamuona. Akuti choyamba anapempha madzi, chachiwiri anafunsa nsapato zake. Anatuluka patatha masiku atatu. Madokotala anati kudziwa dzina la mankhwala msanga kunathandiza. Ine sindinena zambiri pamenepo, chifukwa ndikudziwa kuti msangayo inachedwa ndi nthawi yonse imene ndinkazungulira pikapu.

Sukulu anaitseka miyezi itatu. Ndinayenda m'maofesi kuposa mmene ndinayendera m'malire, ndipo kulikonse kope la Madamu linali litafika kale patsogolo panga, masiku ake ali m'mizere. Mlandu wa achemwali udakali kukhoti. Akukhala kwa mwana wawo wamkazi ku Machinjiri. Lamulungu lililonse ndimapitako. Mwana wawoyo amatuluka, kundilandira, kundipatsa mpando pakhonde, n'kunena kuti amayi agona. Ndimakhala ola limodzi ndikumva wailesi yawo ikulira m'chipinda, kenaka ndimabwerera.

Tinatsegulanso ndi ana 41. Pa ang'onoang'ono, anti mmodzi sapitirira ana asanu ndi atatu, ndipo m'kalasi simukhala munthu wamkulu mmodzi yekha. Mankhwala alionse olowa pageti amalembedwa, kholo n'kusaina. Bolodi ndinaichotsa, pamalo pake pali manambala a foni oti kholo kapena anti aimbe akaona chokayikitsa, ngakhale chokayikitsacho ndi ine. Ndinganene mosaopa kuti mu Bangwe monse palibe sukulu ya mkaka yoyendetsedwa chonchi, ndipo amene akutsutsa abwere adzaone.

Tsiku lina ndikupentanso mapu aja, burashi itafika pa Durban, ndinakumbukira chinthu chimene ndinaona pawindo la kasukulu ka kumeneko koma sindinabwere nacho kuno. Pakati pa timatilesi tija panali azimayi atakhala pansi, akusisita ana kumsana. Asanu, mwina asanu ndi mmodzi, pa ana osapitirira makumi awiri. Ndipo pakona panali kamtsikana kosagona, kakusewera ndi chidole, popanda wokakakamiza. Ndinaona zonsezo. Ndinawerenga ana okha.

Masiku ano thwelofu ikakwana pasukulu panga pamamveka mpaka kumsika. Ena amagona, ena amayimba, wina amalira. Ndikajambula, chithunzi chimatuluka chosaoneka bwino chifukwa wina wadutsa akuthamanga, ndipo ndimatumiza chomwecho.

Tariq sanabwerere. Amapita kusukulu ina kumunsi, ndipo njira yake imadutsa pageti panga. Cha m'ma seveni ndimakhala nditaima pamenepo. Amabwera pa njinga ya bambo ake, atakhala kutsogolo, chikwama chili pamimba. Akandiona amakuwa, "Dalaivala!" Che Jabir satembenuka, amangopalasa. Ine ndimakweza dzanja mpaka atakhota, kenaka ndimalowa. Hafu leveni ikayandikira ndimapita kukhitchini ndi supuni yanga, ndipo ndowa iliyonse isanapite m'kalasi, ndimalawa.